Tinkamuimbira nyimbo, koma si chifukwa chomupatsira ukochi

Timu ikangogonja masewero atatu otsatizana, mumadziwiratu zimene zikubwera pamasamba a masapota. Wina amafukula chithunzi chakale cha katswiri atanyamula chikho, jezi itanyowa ndi thukuta, n'kulemba pansi pake kuti, "Tibwezereni mwana wathu, uyu ndiye amaidziwa timu." Pofika madzulo chithunzicho chazungulira magulu onse a WhatsApp, mapulogalamu a zamasewero pawailesi ayamba kulandira mafoni onena zomwezo, ndipo akuluakulu a timu, amene nawonso amakhala phee m'magulu omwewo, ayamba kuona kumene mphepo ikulowera. Zimachitika ku Maule (Bullets), ku Manoma (Wanderers) ndi ku Silver Strikers. Zimachitikanso tikamakangana za Manchester United, Chelsea kapena Barcelona m'nyumba zoonetsera mpira.

Mawu akuti "amaidziwa timu" ndi amene ndikulimbana nawo. Munthu amene anasewera zaka 10 pakalabu amadziwa nyimbo za masapota, amadziwa amene ali ndi mawu mu komiti, amadziwanso mmene mumzinda wa Blantyre mumakhalira m'mawa wa tsiku la Bullets ndi Wanderers. Zonsezo n'zenizeni, koma palibe chimodzi mwa izo chimene chimakonza timu yoti ikapambane Loweruka. Ukochi ndi ntchito ina, yophunzira payokha. Masamba athu akaiwala zimenezi amavulaza timu, n'kuvulazanso katswiri yemweyo amene akuti amamukonda.

Nkhani ya Ole Gunnar Solskjær tiyiyang'ane modekha, chifukwa zonse zili m'menemo. Ndi iye anamwetsa chigoli cha m'nthawi yowonjezera ku Camp Nou mu 1999, United ikugonjetsa Bayern Munich 2-1. José Mourinho atachotsedwa mu Disembala 2018, kalabu inamubwereka ku Molde ya ku Norway kuti angogwirizira mpando mpaka ligi ithe, akuluakulu apeze mpata wofunafuna mphunzitsi mosathamanga. Dongosololo linali labwino. Anapambana masewero 8 oyambirira, ndipo mwa 19 amene anagwirizira anapambana 14. Pa 6 Malichi 2019 anakatulutsa PSG ku Paris 3-1, atagonja 2-0 pakhomo. Usiku womwewo Rio Ferdinand, mnzake wakale wa m'timu, ananena pa TV kuti kalabu ingomupatsa Ole kontrakiti alembepo yekha ndalama zimene akufuna. Pa 28 Malichi anasainadi ya zaka zitatu. Mwa masewero 10 amene anatsala sizoni imeneyo anapambana awiri okha, Everton inawathira 4-0, ndipo tsiku lotsekera ligi anagonja pakhomo ndi Cardiff imene inali itadulidwa kale.

Kodi anaiwala ukochi tsiku limene anagwira cholembera? Ayi. Amene ankaonera ndi maso osati ndi mtima ankaziona kale. Matimu anayi oyamba amene anakumana nawo mu ligi anali Cardiff, Huddersfield, Bournemouth ndi Newcastle, onse a m'munsimunsi. Pogonjetsa Tottenham 1-0 ku Wembley, David de Gea anatchinga mipira 11 yolunjika pagolo. Ku Paris zigoli ziwiri za Lukaku zinachokera pa kuphonya kwa Kehrer ndi Buffon a PSG, ndipo chachitatu chinali penate imene woyimbira anapereka ataonera kanema (VAR) masewero akutha. Kuwonjezera apo, makalabu amachotsa kochi zinthu zikafika poipitsitsa, pamene tsoka ndi kusewera moipa zakumana. Aliyense wolowa pamenepo amaoneka ngati wabwera ndi mvula, chonsecho mitambo inali itasonkhana kale. Osewera amene anadana ndi kochi wakale amadzipereka kawiri kwa milungu ingapo kuti anthu aone kuti vuto sanali iwo. Mphamvu imeneyi imatha, ndipo nthawi zina imathera m'minofu. Mu Febuluwale 2019, pamasewero ndi Liverpool, Herrera, Mata ndi Lingard anatuluka ovulala chigawo choyamba chisanathe. Iyi inali timu imene inazolowera kudikirira mdani, itauzidwa pakati pa sizoni kuti izithamanga kwambiri kuposa kale.

Kunena chilungamo, Solskjær sanali wongotoledwa panjira. Anaphunzitsapo timu yachiwiri ya United, anatenga ligi ya ku Norway mu 2011 ndi 2012, ndipo pambuyo pake anamalizitsa United pa nambala 3 kenako pa nambala 2. Fainolo ya Europa League ya 2021 anailuza pamapenate, 11-10, kwa Villarreal. Chimene ndikudandaula ndi chakuti chiganizo chomupatsa ntchito chinapangidwa ndi phokoso. Akanadikira milungu isanu ndi iwiri yokha, akanamuyeza ndi masewero 29 m'malo mwa 19. Phokoso lomwelo linawachedwetsa kumuchotsa: anamuwonjezera kontrakiti mu Julayi 2021, Liverpool n'kudzawathira 5-0 pa Old Trafford mu Okutobala, Watford 4-1 mu Novembala, basi ulendo.

Tiyeni titsike pabwalo la zokonzekera, kumene makamera a masamba a masapota safika kawirikawiri. Timu imene yasewera Loweruka ndipo ikuseweranso Loweruka linalo ili ndi masiku 6 pakati, ndipo tsiku lililonse lili ndi ntchito yake. Lamlungu gulu limagawika pawiri. Amene anasewera mphindi 60 kapena kuposa amangothamanga pang'onopang'ono ndi kudziwongola kwa mphindi 30 kapena 40. A pabenchi ndi amene sanavale n'komwe amapatsidwa ntchito yolemera yofanana ndi masewero, apo ayi pakatha mwezi udzawafuna n'kupeza alibe mpweya. Lolemba ambiri amapuma, chifukwa tsiku lachiwiri pambuyo pa masewero ndi pamene thupi limaphwanya kwambiri. Lachiwiri ndi la malo ang'onoang'ono, anayi kwa anayi kapena asanu kwa asanu, mphindi 3 kapena 4 n'kupuma, kuti miyendo ilimbe pa kuima mwadzidzidzi ndi kutembenuka. Lachitatu ndi lolemera kuposa onse: bwalo lonse, 11 kwa 11, ndipo apa ndi pamene kochi amalowetsa dongosolo la masewero akubwerawo. Lachinayi ntchito imachepa koma liwiro limakwera, kuthamanga mamita 20 kapena 30 ndi mphamvu zonse, n'kupuma mokwanira pakati. Lachisanu sipadutsa ola limodzi, ndipo zambiri zimakhala makona, mafirikiki ndi kukumbutsana kuti wakuti akugwira wakuti. Makochi amasiyana kasanjidwe ka masiku amenewa, koma onse odziwa ntchito amagwirizana kuti ntchito yolemera isayandikire tsiku la masewero.

Kochi amene sanaphunzire izi amachita zimene ankamuchita iye ali mnyamata. Timu ikagonja, Lolemba amaithamangitsa kuzungulira bwalo ngati chilango. Mabwana akabwera kudzaonerera Lachinayi, amakoka zokonzekera mpaka maola awiri kuti aoneke wolimbikira. Loweruka anyamata amasewera bwino mphindi 55, kenako miyendo imalemera, zigoli ziwiri zimalowa kumapeto, wina amagwira kumbuyo kwa ntchafu n'kukhala panja milungu inayi kapena isanu ndi umodzi. Pamasamba a masapota tsiku limenelo mudzawerenga kuti osewera akumuukira kochi, kapena kuti adani anakwirira zinthu pagolo. Palibe amene adzafunse zimene zinachitika Lachinayi. Kwathu kuno onjezanipo ulendo wa basi wa tsiku lathunthu kuchoka ku Blantyre kupita ku Karonga, masewero a chikho apakati pa mlungu, ndi kapeti wa pa Kamuzu Stadium mmene amatenthera mu Okutobala. Kochi ayenera kudziwa tsiku loti adule pa ndondomeko yake, ndipo kudziwa kumeneko sikuchokera ku zigoli zimene anamwetsa.

Palinso ntchito ya pakanema: kuonera masewero atatu kapena anayi a mdani n'kuwafinya kukhala mphindi 10 kapena 15 zimene anyamata angakumbukire. Pali makona ndi mafirikiki, amene matimu akuluakulu tsopano amalembera munthu wakewake, monga Arsenal inachitira potenga Nicolas Jover ku Manchester City mu 2021. Ndipo pali masamu a anthu. Timu ili ndi osewera pafupifupi 30, oyamba ndi 11, olowa m'malo saposa asanu. Mlungu uliwonse anthu oposa 10 amapita kwawo osakhudza mpira, ndipo ndi amenewo, osati 11 aja, amene amagwetsa kochi akapanda kusamalidwa.

Chodabwitsa n'chakuti luso lalikulu nthawi zina limasokoneza uphunzitsi. Katswiri weniweni ankaona mpata mpira usanafike kuphazi kwake, koma sadziwa kuti ankauona bwanji. Mnyamata akataya mpira pakati, iye amangokalipa kuti "dzutsa mutu!" Mphunzitsi amachigawa chinthucho: cheuka kaye mpira usanachoke kwa mnzako, ima cham'mbali kuti uone mbali zonse ziwiri za bwalo, landira ndi phazi lakutali ndi mdani. Kenako amakonza masewero aang'ono oti zimenezi zibwerezeke maulendo makumi angapo pa mphindi 15, mnyamatayo asakuzindikira n'komwe kuti akuphunzitsidwa. Izi ndi zimene makosi a ukochi amaphunzitsa. Ku Ulaya makwerero ake ndi UEFA C, B, A ndi Pro, ndipo maola ochepetsetsa ndi 60, 120, 180 ndi 360, kuphatikiza nthawi yogwira ntchito ndi timu pakati pa makwererowo. Kuno ku Africa ndi CAF D, C, B, A ndi Pro, ndipo kochi wamkulu wopanda CAF A kapena yolingana nayo saloledwa kutsogolera timu pabenchi m'mipikisano ya makalabu ya CAF. Layisensi payokha sipambanitsa timu, zimenezo n'zoona. Ambiri ali nayo koma matimu awo amasewera ngati akumana pageti. Komabe munthu amene akukana kukhala m'kalasi chifukwa anasewerera Flames zaka 10 wakuuzani kale mmene adzalandirire malangizo a wothandizira wake.

Amene analumpha makwerero a uphunzitsi, n'kupatsidwa timu yaikulu asanatsogolerepo ina, tikuwadziwa. Alan Shearer, mwini zigoli 206 ku Newcastle, anaitanidwa mu Epulo 2009 kutatsala masewero 8 kuti apulumutse timu asanaphunzitsepo paliponse. Anapambana amodzi, anapeza mapoyinti 5, timu inadulidwa, ndipo iye sanaphunzitsenso timu ina kuchokera pamenepo. Andrea Pirlo anapatsidwa timu ya achinyamata ya Juventus kumapeto kwa Julayi 2020, patangotha masiku 9 n'kukwezedwa kutimu yaikulu asanatsogolere masewero ngakhale amodzi. Anatenga Coppa Italia, koma Juventus imene inali itatenga ligi ka 9 motsatizana inathera pa nambala 4, ndipo anachotsedwa. Gary Neville, amene pa TV amaufotokoza mpira mogwira mtima, anapita ku Valencia mu Disembala 2015, Barcelona inamuthira 7-0, ndipo Malichi asanathe anali atabwerera kwawo.

Vuto lina limene masapota sitiliwerengera ndi la chipinda chovalira. Pirlo anapeza m'timu muli Buffon, wamkulu kwa iye pa zaka, ndi Chiellini ndi Bonucci amene ankasewera nawo dzulodzulo. Ganizirani zimenezi pakalabu ya kwathu, kumene anthu amadziwana mpaka kumakomo. Wotchinga kumbuyo amene liwiro lamuthera ndi yemwe munkagona naye chipinda chimodzi ku kampu, munabwerekanapo ndalama, mwina anakuimirirani paukwati. Lachisanu muyenera kumuuza kuti mawa sayamba. Ambiri amalephera, n'kumuseweretsabe mpaka masapota atamutukwana. Panja pa chipindacho pali mzere wina wa anzanu akale amene alibe chochita, aliyense akuyembekezera kuti mumutenge akhale wothandizira, timu manejala kapena wosamalira zovala. Benchi imadzaza ndi anthu amene mumaseka nawo koma palibe amene angakutsutseni. Pep Guardiola atangolowa ukochi wa timu yaikulu ya Barcelona mu 2008 ananena poyera kuti Ronaldinho ndi Deco sali m'mapulani ake, ndipo anapitadi. Mikel Arteta analanda Aubameyang ukaputeni wa Arsenal mu Disembala 2021 n'kumulola kupita ku Barcelona. Mpeni wotere ndi wovuta kuugwira ngati amene ukumudula ndi mnzako wa paubwana.

Ndiye pali chinthu chimene chiyenera kutikwiyitsa ife masapota: nthawi zambiri katswiri wakale amaitanidwa kuti akhale chishango cha akuluakulu. Chelsea inatenga Frank Lampard mu 2019, ali ndi sizoni imodzi yokha ya ukochi ku Derby County, pa nthawi imene kalabu inali yoletsedwa kugula osewera ndipo Eden Hazard anali atapita. Ndani akanatukwana mwini zigoli 211? Anachita bwino ndithu, anathera pa nambala 4 n'kudalira anyamata ngati Mount, Abraham ndi Reece James. Chiletso chitatha kalabu inagula osewera a mapaundi oposa 200 miliyoni, ndipo mu Januwale 2021, timu ili pa nambala 9, anamuonetsa msana wa njira. Thomas Tuchel anatenga gulu lomwelo, anabwezeretsa Rüdiger amene ankakhalira benchi, anaika otchinga atatu kumbuyo, ndipo mu Meyi anatenga Champions League. Mu Epulo 2023 zinthu zitasokonekeranso, eni ake atsopano anaitananso Lampard yemweyo kuti masapota aziziritse mitima. Pamasewero 11 anapambana amodzi.

Ku Barcelona zinali zoipa kuposa apa. Ronald Koeman, amene firikiki yake ku Wembley mu 1992 inapatsa kalabuyo chikho chake choyamba cha European Cup (Champions League ya masiku ano), anabwera mu Ogasiti 2020 timu itangothiridwa 8-2 ndi Bayern, ngongole zili m'khosi. Ndi iye anapatsidwa ntchito youza Luis Suárez pafoni kuti sakufunikanso. Messi anachoka mu 2021 chifukwa cha ndalama, osati chifukwa cha Koeman. Koma atagonja 2-1 ndi Real Madrid mu Okutobala chaka chomwecho, ndi galimoto yake imene masapota anaizungulira n'kumaimenya potuluka pa Camp Nou. Patatha masiku atatu anachotsedwa. Amene anakongola ndalama zija sanali m'galimotomo.

Wina anena kuti, nanga Guardiola, nanga Zidane, nanga Kinnah? Funso labwino, ndipo yankho lake lili m'njira imene anthu amenewa anadutsa. Guardiola anayamba ndi Barcelona B mu 2007, mu ligi yachinayi ya ku Spain, m'mabwalo ang'onoang'ono a ku Catalonia, n'kuikweza. Anakwera ndi wothandizira wake Tito Vilanova komanso Busquets ndi Pedro amene anawaumba yekha. Masewero ake oyamba a ligi kutimu yaikulu anagonja 1-0 ndi Numancia, achiwiri anafanana mphamvu ndi Racing Santander, ndipo akanakhala kuti akulamulidwa ndi masamba athu, zikho zitatu za 2009 sakanaziona. Zidane anakhala wothandizira wa Carlo Ancelotti ku Real Madrid sizoni ya 2013-14, n'kuphunzitsa Castilla, timu yachiwiri ya kalabuyo, chaka ndi theka, kenako n'kutenga Champions League katatu motsatizana. Arteta ananyamula makoni zaka zitatu ndi theka pansi pa Guardiola ku Manchester City, ndipo ngakhale zinali choncho anathera pa nambala 8 kawiri ku Arsenal asanaime bwino. Xabi Alonso anayamba ndi ana a zaka 14 ku Real Madrid, n'kukhala zaka zitatu ku Real Sociedad B, asanatenge Bundesliga osagonja ndi Leverkusen mu 2024.

Olumpha makwerero n'kupambana alipo, sindikubisa. Jürgen Klopp anachoka pabwalo n'kukhala kochi wa Mainz mu Febuluwale 2001, koma inali timu ya ligi yachiwiri kumene akanatha kulakwitsa dziko lonse lisakumuyang'ana. Kenny Dalglish anatenga ligi ndi FA Cup mu 1986 akusewera komanso akuphunzitsa Liverpool, koma pambali pake panali Bob Paisley ngati mlangizi, ndi Ronnie Moran ndi Roy Evans amene ankayendetsa zokonzekera. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo Dalglish anali nawo atatu. Katswiri wathu tikamukweza timamupatsa ndani?

Kinnah Phiri ndiye chitsanzo chimene ambiri amachigwiritsa ntchito mozondoka. N'zoona anali chilombo pagolo ku Bullets ndi ku timu ya dziko imene inatenga chikho cha East and Central Africa mu 1978 ndi 1979. Koma pakati pa Kinnah womwetsa zigoli ndi Kinnah wa pabenchi pali zaka zambiri za ku Swaziland, kumene anakasewera n'kuyambira kuphunzitsa kutali ndi nyimbo za Maule. Atabwerera anafikitsa Bakili Bullets m'magulu a CAF Champions League mu 2004, anakaphunzitsa Free State Stars ku South Africa, ndipo atatenga Flames mu 2008 anagonjetsa Egypt 1-0 pa Kamuzu Stadium, n'kutipititsa ku mpikisano wa mayiko a mu Africa (AFCON) ku Angola mu 2010 kwa nthawi yoyamba chichokereni mu 1984, kumene tinakwapula Algeria 3-0. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi.

Peter Mponda anayenda njira yofanana. Kaputeni wa Flames, mwana weniweni wa Bullets, koma ukochi anauyamba ndi achinyamata ku Surestream, timu imene pambuyo pake inkadziwika kuti Wizards. Anakhala wothandizira kwa zaka zingapo pansi pa Kalisto Pasuwa, kenako anapita ku Silver Strikers n'kukatenga ligi ya 2024, imene a ku Area 47 anali asanaione chichokereni mu 2013. Bullets itamuitana kuti akhale kochi wamkulu, inkaitana munthu amene watenga ligi ndi timu ina. Zotsatira zake pampandopo ndi nkhani ina, koma kalabu inali ndi chomuyezera choposa chithunzi chakale. Ndipo tisaiwale kuti amene anapatsa Maule ligi kasanu motsatizana kuyambira mu 2018, ndi zikho zonse zinayi za mu 2023, ndi Pasuwa, munthu wa ku Zimbabwe amene sanavalepo jezi yofiira ya Bullets. Anafika ndi mbiri ya ligi zinayi zotsatizana ku Dynamos ndi kupititsa Zimbabwe ku AFCON ya 2017. Timu anaiphunzira atafika kale, ndipo sizinamutengere nthawi.

Kodi mwana wapakhomo alibe chimene amabweretsa? Ali nacho, ndipo n'chamtengo: nthawi. Masapota amamupirira miyezi ingapo imene mlendo sangapatsidwe, osewera achinyamata amamumvera tsiku loyamba chifukwa anakula akumuonera. Koma nthawi imeneyi imathandiza munthu amene ali ndi choti amange. Kwa amene alibe, imangotalikitsa matenda, ndipo ikatha chikondi chimasanduka mwano woposa umene mlendo akanalandira, chifukwa masapota amadziwa kumene amakhala, kumene amapemphera ndi kumene ana ake amaphunzira.

Kalabu imene ikufunadi kuti akatswiri ake adzakhale makochi iyambe akadali kusewera. Wazaka 30 amene akuonetsa mutu alipiridwe kosi ya CAF D ndi C nthawi yopuma ligi. Akasiya kusewera apatsidwe timu ya achinyamata kwa sizoni ziwiri, akonze yekha ndondomeko ya mlungu, asankhe yekha oyamba, agonje, ayankhe mafunso a makolo. Kenako timu yachiwiri, kapena kukhala wothandizira wokhala ndi gawo lakelake monga otchinga kumbuyo kapena makona, osati wongonyamula mabibu. Bullets inaonetsa kuti timu yachiwiri si yongokongoletsa pamene Reserve yake, pansi pa Enos Chatama, inafika fainolo ya FDH Bank Cup mu 2022 n'kukakumana ndi akulu ake omwe. Akafika pa CAF B kapena A, amulole apite kukaphunzitsa timu yaing'ono imene ilibe ndalama, kumene mapoyinti aliwonse amachita kukumba. Zonsezi ndi zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi. Zikuoneka zambiri, koma munthu wosiya mpira ali ndi zaka 34 amakhala atakonzeka pofika zaka 40.

Tsiku lomupatsa mpando waukulu, pepala likhale lomveka. Wogwirizira akhale wogwirizira mpaka tsiku limene munagwirizana, ngakhale atapambana derby ndi zigoli zinayi. Kontrakiti yoyamba ikhale ya chaka chimodzi kapena ziwiri, yonena zolinga zowerengeka, nthawi yodzaunikira ntchito, ndi ndalama zolipira mukasiyana nthawi isanakwane. Makalabu athu amadalira wothandiza mmodzi ndi ndalama za pageti, ndiye kulipira makochi awiri nthawi imodzi, wochotsedwa ndi watsopano, kumadya malipiro a osewera. Kuchotsa munthu chifukwa masapota akuwa pageti, popanda kutsata ndondomeko, kumathera kukhoti. Meck Mwase, amene anapititsa Flames ku AFCON ya ku Cameroon, atachotsedwa mu 2022 anakasuma kukhoti loona za ntchito, ndipo mlandu unamukomera.

Apa ndi pamene masamba a masapota angagwire ntchito imene manyuzipepala sakwanitsa. Muli ndi anthu m'maboma onse, ndipo akatswiri akale ambiri akuphunzitsa m'maligi a m'zigawo ndi m'timu za achinyamata popanda wowalemba. Nkhani za iwo zimangotuluka akadwala kapena akamwalira. Tumizani munthu akaonere timu ya katswiri wanuyo katatu, kamodzi ikusewera koyenda. Lembani layisensi imene ali nayo ndi chaka chimene anaitenga, masewero amene watsogolera, zigoli zimene timu yake yamwetsa ndi kumwetsedwa, anyamata angati amene wawakweza n'kufika mu Super League, ndi zimene amasintha akamagonja 1-0 pa mphindi 60. Wogwirizira akapambana masewero asanu, ikani pambali pa zotsatirazo malo amene adaniwo ali pa ligi, ndipo onetsani angati anali apakhomo. Pa ligi ya matimu 16 munthu amafunika masewero 15 kuti akumane ndi aliyense kamodzi, ndiye chithunzi chija chisungeni kaye m'foni mpaka akwane.